Pamene apt ikunena kuti phukusilo mulibe

Aliyense amene waika Debian 12 kapena Ubuntu 24.04, mitundu ya Linux, pa kompyuta, n'kulemba `pip install` kuti aike phukusi (kapulogalamu kowonjezera) la Python monga ankachitira kale, wauona uthenga uja wa `externally-managed-environment`. Pip imakana. Imakuuzani kuti muyese apt, chida choikira maphukusi a Debian ndi Ubuntu, kapena mupange venv, foda yapadera ya maphukusi a pulojekiti imodzi, ndipo ngati mukuumirirabe pali mawu oti muwonjezere, `--break-system-packages`, amene akuchenjeza okha kuti mwina muwononga zinthu. Ndiye munthu amatembenukira kwa apt, n'kupeza kuti phukusi limene akufunalo mulibe, kapena lilimo koma ndi la zaka ziwiri zapitazo. Apa m'pamene anzanga ambiri a ntchito ya makompyuta amapsa mtima. Amati Debian ndi yachikale, yatseka khomo lina isanatsegule lina. Mkwiyowo ndimaumvetsa, koma pa nkhani imeneyi ine ndili kumbali ya Debian, ngakhale ndikudziwa bwino pamene mbali yangayi imapweteka.

Zilankhulo zolembera mapulogalamu monga Perl, Python, PHP, Ruby ndi JavaScript mphamvu zake zili m'timapulogalamu towonjezera timene anthu ena analemba kale: kena kowerengera fayilo ya Excel, kena kolumikizira ku MySQL, kena kotumizira imelo. Chilankhulo chilichonse chili ndi nkhokwe yakeyake. Ya Perl, CPAN, inatsegulidwa mu 1995. Ya Python, PyPI, inayamba mu 2003, ndipo lero muli maphukusi oposa 500,000. Ya JavaScript, npm, inadutsa kale 2 miliyoni. Tsono Debian 12 potuluka mu June 2023 inali ndi maphukusi 64,419, ndipo Debian 13 ya mu August 2025 ili nawo 69,830. Chiwerengero chimenecho ndi cha zonse, kuphatikizapo kernel, LibreOffice, Firefox, masewera ndi zilembo za pa sikirini. Ngakhale Debian yonse ikanakhala ya Python yokha, sikanafika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene zili ku PyPI. Choncho kusowa kwa phukusi mu apt si ngozi ayi, ndi mmene zinthu zilili, ndipo zidzakhala choncho.

Musanadandaule, komabe, yambani mwafufuza bwino, chifukwa maphukusi ambiri amene anthu amati mulibe amakhala alimo, dzina lokha ndi limene lasiyana. A Debian amatchula phukusi la Python potengera dzina limene mumalemba pambuyo pa `import`, osati dzina la ku PyPI. PyYAML ndi `python3-yaml`, Pillow ndi `python3-pil`, beautifulsoup4 ndi `python3-bs4`, mysqlclient ndi `python3-mysqldb`. Za Perl zimayamba ndi lib n'kuthera ndi perl, monga `libdbi-perl`. Za PHP ndi `php-curl`, `php-mbstring`, `php-gd`, za R ndi `r-cran-ggplot2`. Mukaika `apt-file` mutha kufufuza ndi dzina la fayilo lenilenilo, ndipo kawirikawiri chimene mumati chasowa chimatulukira.

Koma tinene kuti mulibedi. Chifukwa chake chagona pa mmene chinthu chimalowera m'malo awiriwa. Ku PyPI kuli ngati pa tsiku la msika: aliyense amafika, n'kuyala thumba lake, n'kuyamba kugulitsa, popanda womufunsa kumene watenga katunduyo. Mumatsegula akaunti, mumakweza code yanu, pakangopita mphindi zochepa dziko lonse litha kuitenga. Ufulu umenewu ndi wabwino, ndipo ndi umene wakulitsa Python. Koma palibe munthu amene amawerenga code ija isanafike kwa inu.

Ku Debian munthu amayamba ndi kulengeza kuti akufuna kukonza phukusi lakuti, polemba kalata imene amaitcha ITP. Kenako amawerenga laisensi ya fayilo iliyonse, n'kulemba zonse mu `debian/copyright`. Phukusi latsopano limakaima pa mzere wotchedwa NEW, kumene gulu laling'ono la anthu limaunikanso ngati zonse zili zololedwa kugawidwa. Likadutsa pamenepo, makina a Debian amalimanga kuchokera ku code yake, pa mitundu yosiyanasiyana ya mapurosesa, amd64, arm64, ppc64el, s390x ndi ena, ndipo pomangapo intaneti imakhala yotsekedwa. Lamulo limeneli ndi limene limalemetsa ntchito yonse. Ngati phukusi lanu limadalira maphukusi ena 30, onse 30 ayenera kukhala kale mu Debian, lililonse ndi womusamalira wake, lililonse litawerengedwa laisensi. N'chifukwa chake mapulogalamu a JavaScript, amene limodzi lokha limatha kukoka timaphukusi mazanamazana, amavuta kwambiri kulowa. Wokonza phukusi amangofuna chinthu chimodzi, n'kupeza kuti wasenza ntchito ya chaka chathunthu, ndipo ambiri mwa anthuwa salipidwa.

Nkhani ya JSON mu PHP imasonyeza kuti kuwerenga laisensiku si mwambo chabe. Gawo la PHP lowerengera JSON linali ndi code yochokera kwa Douglas Crockford, ndipo laisensi yake inali ndi chiganizo chonena kuti pulogalamuyo igwiritsidwe ntchito pa zabwino, osati pa zoipa. Munthu wamba akamva amati, nanga cholakwika n'chiyani pamenepa? Koma malamulo a Debian a mu 1997 onena za pulogalamu yaufulu amaletsa laisensi kusankhira anthu ntchito imene angagwiritsire pulogalamu. Zabwino n'ziti, ndipo wogamula ndani? Kampani, chipatala kapena boma silingamange ntchito yake pa chiganizo chimene tanthauzo lake lili m'mutu mwa munthu mmodzi. Mu 2013, pa nthawi ya PHP 5.5, a Debian anachotsa gawo limenelo n'kuikapo lina lotchedwa jsonc, lolembedwa ndi Remi Collet, ngati phukusi lapadera, `php5-json`. Anthu ambiri anadabwa kuona `json_encode` itasiya kugwira ntchito atangokweza makina awo, ndipo anakwiya kwambiri. Koma PHP 7.0 potuluka mu December 2015 inabwera ndi jsond ya Jakub Zelenka, yopanda chiganizo chija, ndipo vutolo linathera kwa onse, ngakhale kwa amene sanagwiritsepo Debian. Pakanapanda anthu ouma mutu owerenga laisensi mpaka kumapeto, sindikhulupirira kuti likanakonzedwa msanga chotero.

Pali maphukusi ena amene analipo koma anachoka, ndipo amenewa ndi amene amawawa kwambiri, chifukwa pulogalamu yanu inkayenda bwinobwino dzulo. Amene anakweza maseva kupita ku Ubuntu 18.04 akukumbukira `php-mcrypt`, gawo la PHP lobisira zinsinsi. Laibulale imene inali pansi pake, libmcrypt, inasiyidwa cha mu 2007 popanda woikonza. A PHP anachenjeza mu 7.1, n'kuichotsa mu 7.2 kumapeto kwa 2017, n'kuika sodium m'malo mwake. Ubuntu 18.04 inabwera ndi PHP 7.2, ndiye mcrypt inasowa, ndipo mapulogalamu akale obisira mapasiwedi ndi zinsinsi za makasitomala anaima. Zofananazo zachitikanso ndi imap yowerengera imelo, imene PHP 8.4 ya mu November 2024 inaitulutsa n'kuipititsa ku PECL, nkhokwe ya zowonjezera za PHP, popeza laibulale ya c-client imene imadalira yatha zaka zoposa 10 popanda woisamalira. Ndipo chachikulu pa zonse chinali Python 2, imene eni ake anasiya kuithandiza pa 1 January 2020. A Debian anagwira ntchito zaka zingapo akusamutsa maphukusi ku Python 3 ndi kuchotsa amene analibe wowasamutsa, mpaka Debian 12 inatuluka yopanda Python 2 n'komwe.

Pa zonsezi wina atha kunena kuti akanangozisiya, wofuna azigwiritsa ntchito. Ine ndimakana. Phukusi likakhala mu Debian stable, mtundu wokhazikika wa Debian, tanthauzo lake n'lakuti pali anthu amene avomera kuliyang'anira: gulu la chitetezo kwa zaka pafupifupi zitatu, kenako gulu la LTS, losamalira kwa nthawi yaitali, mpaka kukwanitsa zaka zisanu. Pakapezeka bowo lolowera akuba, iwo amatenga chigamba chokhacho n'kuchiika pa mtundu wakale womwewo, kuti inu mukalemba `apt upgrade` bowolo litsekeke koma pulogalamu yanu isasinthe khalidwe. Nanga angalonjeze bwanji zimenezi pa code yobisira zinsinsi imene mwini wake anaisiya zaka 10 zapitazo? Kuichotsa kunali kunena zoona.

Ukale wa maphukusi umachokeranso pomwepa. Miyezi ingapo Debian isanatuluke, zonse zimaumitsidwa, ndipo zatsopano sizilowanso. Debian 12 inatuluka ndi Python 3.11 ndi PHP 8.2, ndipo idzafa nazo zomwezo. Debian 13 ili ndi Python 3.13 ndi PHP 8.4. Kwa wolemba mapulogalamu amene akufuna chinthu chimene chatuluka mwezi watha, izi n'zotopetsa. Kwa wosamalira seva imene iyenera kuyenda zaka zisanu popanda kudzidzimutsa munthu, ndi mtendere weniweni. Anthu awiriwa amafuna zosiyana, ndipo nthawi zambiri kwathu kuno amakhala munthu mmodzi yemweyo.

Mbali inayo, ya npm ndi PyPI, nayonso ili ndi mbiri yake. Mu March 2016 wolemba mapulogalamu wina, Azer Koçulu, atakangana ndi a npm pa dzina la phukusi lotchedwa kik, anachotsa maphukusi ake onse, oposa 250. Limodzi mwa iwo linali left-pad, la mizere 11 yokha, longowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Mapulojekiti akuluakulu monga Babel ankalidalira kudzera m'maphukusi ena, ndipo kwa maola angapo anthu padziko lonse analephera kumanga mapulogalamu awo, mpaka a npm analibwezeretsa. Mu Debian stable zotere sizingachitike, chifukwa code imakhala itakoperedwa kale m'nkhokwe ya Debian, ndipo mkwiyo wa munthu mmodzi sungaichotse pa makina anu. Onjezeranipo maphukusi achinyengo amene amapezeka kawirikawiri ku PyPI ndi ku npm, okhala ndi mayina ofanana ndi otchuka, kusiyana chilembo chimodzi, odikira kuti chala chanu chiterereke.

Tibwerere kwa pip yokana ija. Zida zambiri za makina enieniwo n'zolembedwa mu Python: `ufw`, `fail2ban`, `certbot`, `cloud-init`, `unattended-upgrades`, `add-apt-repository`. Zonsezi zimadalira malaibulale amene apt inaika mu `/usr/lib/python3/dist-packages`. Mukalemba `sudo pip install`, pip imaika zake pansi pa `/usr/local`, ndipo Python imayamba kuyang'ana kumeneko isanafike kwa za apt. Ndiye mwaika kaphukusi kamodzi ka pulojekiti yanu, iko kakoka requests kapena cryptography ya mtundu watsopano, ndipo kuyambira pamenepo certbot, imene imakonzanso satifiketi za webusaiti, ikugwiritsa ntchito laibulale imene sinayesedwe nayo. Apt sidziwa kanthu, imaona ngati zonse zili bwino. Vuto limadzaonekera patapita miyezi, satifiketi ya webusaiti italephera kudzikonzanso, ndipo palibe amene angaganize kuti gwero lake ndi lamulo limene linalembedwa kalekale.

Chimene chinaletsa zimenezi ndi chikalata cha PEP 668, cholembedwa mu 2021. Si a Debian okha anachilemba. Pa olemba ake pali Matthias Klose ndi Stefano Rivera a ku Debian, komanso Donald Stufft ndi Pradyun Gedam a ku pip. Mbali ziwiri zimene zakhala zikupondana zala kwa zaka zambiri zinakhala pansi n'kugwirizana malire. Njira yake ndi yophweka: Debian imaika kafayilo kotchedwa `EXTERNALLY-MANAGED` mu `/usr/lib/python3.11`, pip ikakaona imabwerera. Pa intaneti mupeza malangizo ambiri oti mungofufuta kafayiloko. Chonde musatero pa makina amene anthu ena akudalira. Kupanga venv ndi mzere umodzi, `python3 -m venv`, ndipo mkati mwake pip imachita zonse zimene mukufuna popanda kukhudza za makina. Ngati chimene mukufuna ndi chida chongoyendetsa pa terminal, `pipx` imakupangirani venv yakeyake mwakachetechete. Ndipo ngati mukufuna kusakaniza, venv yopangidwa ndi `--system-site-packages` imaona numpy ndi pandas za apt, inu n'kungowonjezera tochepa tosowato.

Chomalizachi chili ndi phindu lalikulu kwa ife amene timagwira ntchito bandulo ikuwerengedwa. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene kukopera ma megabyte 500 sakumva kanthu, ndipo amangoti pangani venv yatsopano pa pulojekiti iliyonse, kapena kokani chithunzi cha Docker. Kuno netiweki imaduka pakati, magetsi amazima, ndipo makina ena ali ku maofesi a kumaboma kumene munthu wa makompyuta amafikako mwa apo ndi apo. M'malo otere maphukusi a apt ndi chuma. Mukaika `apt-cacher-ng` pa kompyuta imodzi mu ofesi kapena mu labu ya sukulu, phukusi limakoperedwa kamodzi, makompyuta ena onse n'kumatengera pompo. Ndi `apt-offline` mutha kukopera m'tauni zimene makina akumudzi akufuna, n'kupita nazo pa flash. Komanso za apt zimabwera zomangidwa kale. Phukusi la Python kapena la PHP lokhala ndi code ya C, likasowa lomangidwa kale logwirizana ndi makina anu, limafuna `build-essential`, `python3-dev` kapena `php-dev`, ndi malaibulale ena amene mumawadziwa pokhapokha kumangako kukalephera. Pa kompyuta yakale kapena pa Raspberry Pi imeneyo ndi ntchito yodya tsiku.

Ndinanena kuti mbali yangayi ili ndi popweteka. Choyamba, anzanga a Ubuntu adziwe kuti lonjezo la zaka zisanu la LTS limakhudza gawo la nkhokwe yawo lotchedwa main. Maphukusi ambiri a `python3-` ndi ena a `php-` ali m'gawo lina lotchedwa universe, kumene zigamba za chitetezo zimadalira anthu odzipereka, pokhapokha mutalembetsa Ubuntu Pro. Lamulo la `apt policy` limakuonetsani gawo limene phukusi lachokera, ndipo ndi bwino kuyang'ana musanagone tulo poganiza kuti wina akulondera. Chachiwiri, pali nthawi imene zakale sizikwaniradi. Moodle, Nextcloud ndi Laravel, zolembedwa mu PHP, zimakweza mtundu wa PHP umene zikufuna mofulumira kuposa mmene Debian imatulukira. Apa anthu ambiri amathamangira ku nkhokwe ya Ondřej Surý, amene ndi wosamaliranso PHP mu Debian momwemo, ndipo a Fedora, Rocky ndi AlmaLinux, mitundu ina ya Linux, amapita kwa Remi Collet. Ntchito ya anthu awiriwa ndi yaukhondo, ndipo inenso ndimaidalira. Koma ndikaganiza kuchuluka kwa maseva padziko lapansi amene atsamira pa mapewa a anthu awiri, mtima sukhala m'malo. Chachitatu, dziko la mapulogalamu likuyenda mbali imene ikulemetsa ntchito yokonza maphukusi. Mu February 2021 cryptography 3.4, laibulale ya Python yobisira zinsinsi, inayamba kufuna chilankhulo cha Rust pomanga, ndipo a Gentoo ndi ena osunga makina a mapurosesa akale, kumene Rust kunalibe, anasowa pogwira. Olemba cryptography anali ndi chifukwa chomveka, popeza Rust imatseka mabowo ambiri amene C imasiya. Osamalira maphukusi nawonso anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Mkangano wotere sudzatha posachedwa.

Mmene ndimachitira ine n'zosavuta kufotokoza. Chilichonse chokhudza makina enieniwo, kapena choyenera kukhala zaka chikuyenda chokha, ndimachitenga ku apt, ngakhale chikhale chakale. Chikasowa ndimayang'ana ku backports, nkhokwe ya Debian ya maphukusi atsopano okonzedwera stable. Pulojekiti imene ikufunadi zatsopano ndimaipatsa venv yake, ndi fayilo yolemba mtundu weniweni wa phukusi lililonse, ndipo ndimadziwa kuti kuyambira pamenepo mlonda wa maphukusi amenewo ndine. Bowo likapezeka mu Django ya mu venv, `apt upgrade` silikhudza. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo maseva adzaza ndi ma venv amene sanatsegulidwepo chipangidwire.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti tikamati Debian ilibe phukusi lakuti, timayankhula ngati pali kampani ina imene yatimana. Palibe. Chiyambire pamene Ian Murdock anaiyambitsa mu August 1993, Debian ndi anthu, ndipo phukusi limapezeka pokhapokha wina ataimirira n'kunena kuti ili ndi langa. Anthuwo sali ku Ulaya ndi ku America kokha. Msonkhano wawo wapachaka, DebConf, unachitikira ku Cape Town mu 2016, ndipo Jonathan Carter wa ku South Africa anatsogolera Debian yonse kuyambira 2020 mpaka 2024. Achinyamata athu amene amalemba Python bwino ndi ambiri, ndipo ntchito yosamalira phukusi laling'ono si yoposa nzeru zawo. Imafuna kudekha, kuwerenga malamulo, ndi kuyankha makalata.

Poyambira pake ndi pa makina anu omwe. Mu phukusi la `devscripts` muli lamulo lotchedwa `wnpp-alert`, limene limayang'ana zimene mwaika n'kukuuzani zimene zili zamasiye, zolembedwa O, zimene wosamalira wake akufuna womulandira, zolembedwa RFA, ndi zofuna thandizo, zolembedwa RFH. Pa makina onse amene ndaliyesapo, mndandandawo sunatulukepo wopanda kanthu. Mukasankhapo limodzi la O kapena RFA, mumasintha mutu wa kalata imene inalengeza zimenezo kukhala ITA, kusonyeza kuti mukulitenga. Code yokonzera maphukusi ambiri ili pa salsa.debian.org, ndipo magulu a Python, Perl ndi Ruby amalandira anthu atsopano amene sanakhale mamembala a Debian. Mukamaliza kukonza mumakweza ku mentors.debian.net, n'kupempha wa mkati kuti aunike. Iye amawerenga, amakubwezerani ndi zoti mukonze, mwina kangapo, kenako amalisainira n'kulilowetsa mu unstable, gawo la Debian limene zatsopano zimayambira kulowa, dzina lanu lili pa mzere wa wosamalira. Ngati phukusilo silinakhalepo mu Debian ndipo simungathe kulikonza nokha, lembani `reportbug wnpp`, sankhani RFP, ndipo fotokozani bwino ntchito yake, laisensi yake, ndi maphukusi amene limadalira, kuti amene angalitole adziwiretu kukula kwa katundu wake.